Wotchi Yopukusa ndi Mbiri ya Nthaŵi m'Malokeshoni a Blantyre

Pa 24 Januwale 2022 namondwe wotchedwa Ana adagwetsa mvula yoopsa m'chigawo cha kummwera, ndipo mtsinje wa Shire udasefukira nugumula mbali ina ya damu la pa Kapichira pamene pamapangidwa magetsi. Dziko lonse lidagwa mumdima. Patapita masiku oŵerengeka magetsi adayambanso kubwera, koma mopereŵera, pakuti makina a pa Kapichira, amene ankapereka mamegawati pafupifupi 130, ndiye kuti ngati gawo limodzi mwa magawo atatu a magetsi onse a dziko lino, adakhala chiimire mpaka chaka cha 2023. Ife amene tidali mu Blantyre masiku amenewo tikukumbukira mipopi youma ndi zigayo zotseka. Koma padali vuto linanso laling'ono limene ambiri sitidaliyembekeze. Pofika tsiku lachiŵiri, mafoni a m'manja atatha moto, m'nyumba zambiri za ku Ndirande, ku Bangwe ndi ku Machinjiri mudalibe munthu wodziŵa kuti nthaŵi ili bwanji.

M'nyumba ina ku Ndirande, kumene tidapita kukazonda matenda, tidapezako bambo wachikulire amene kale ankagwira ntchito ku fakitale ya nsalu. Pamwamba pa kabati yake, pambali pa chithunzi cha Mtima Woyera wa Yesu, padali wotchi yachitsulo yobulungira, ya mabelu aŵiri pamutu ndi makiyi aŵiri kumbuyo, imene adagula m'sitolo ya amwenye ku Limbe ndi malipiro ake oyamba. Tili chikhalire mudaloŵa mwana wa nyumba yoyandikana, nagwada pakhomo nati, "Agogo, akuti nthaŵi ili bwanji?" Amai ake ankamwa mankhwala oyenera kumwedwa pa ola lomwelo tsiku ndi tsiku. Pambuyo pake kudabweranso mwana wa mlonda wina. Mkuluyo adatiuza moseka kuti kwa zaka makumi aŵiri adzukulu ake akhala akuinyoza wotchiyo kuti imasokosera usiku.

Cholinga chathu pano si kutamanda zinthu zakale chifukwa chakuti ndi zakale. Tifuna kufunsa funso la mbiri: zidayamba bwanji kuti munthu wa ku Ndirande asathenso kukhala tsiku limodzi osadziŵa ola? Adabwera nalo ndani olalo, ndipo lakhala likusungidwa m'manja mwa yani? Funsoli likutikhudza ife a Eklezia mwapadera, popeza belu loyamba kulira m'mapiri ano lidali la mishoni.

Dzuŵa, tambala ndi nthanda

Pali bodza lina limene lanenedwa kaŵirikaŵiri mpaka ena mwa ife tidayamba kulikhulupirira, lakuti makolo athu sankadziŵa nthaŵi. Chiyankhulo chathu chomwe chikutsutsa zimenezi. Munthu wa ulendo wautali ankadzuka tambala woyamba, wopita kumunda tambala wachiŵiri kapena nthanda itatuluka. Pali mbandakucha, pali dzuŵa litakwera, pali dzuŵa lili paliwombo, pali dzuŵa litapendeka, pali chisisira. Munthu popangana ndi mnzake ankatambasula mkono nkuloza pamene dzuŵa lidzakhale, ndipo mnzakeyo sankasokonezeka. Mwezi wa kumwamba ndiwo udali mwezi wa pansi, ndi chifukwa chake liwu lake ndi limodzi.

M'buku lake la 1969 lonena za zipembedzo ndi nzeru za mu Africa, John Mbiti wa ku Kenya adaphunzitsa kuti kwa Mwafirika nthaŵi ndi zochitika, ndipo kuti maso ake amayang'ana kwambiri kumbuyo kusiyana ndi kutsogolo. Mfundo yachiŵiriyi ambiri adaitsutsa, ndipo ifenso sitiivomereza: mlimi wosunga mbeu pa tsindwi ndi mai womanga nkhokwe akuganiza za chaka chamaŵa. Koma yoyambayo ili ndi choona chake. Ntchito ndiyo inkapima tsiku. Munthu ankaŵeruka ndime yake ikatha kapena dzuŵa likamuŵaula, ndipo mlandu unkayamba eni ake akasonkhana. Chimene tifuna kuti oŵerenga athu achigwire ndi ichi: wotchi ya makolo inali poyera. Mfumu ndi kapolo ankaona dzuŵa limodzi, ndipo padalibe munthu wotha kulibisa m'thumba, kapena kulibweza m'mbuyo kuti mnzake agwire ntchito yoonjezera.

Belu

Mishoni ya Blantyre idakhazikitsidwa ndi a Church of Scotland mu 1876, ndipo adaitcha dzina la mudzi umene David Livingstone adabadwira mu 1813. Ambiri sadziŵa kuti Blantyre wa ku Scotland udali mudzi wa fakitale ya thonje m'mbali mwa mtsinje wa Clyde, ndi kuti Livingstone adayamba ntchito m'fakitalemo ali ndi zaka 10, kuloŵa 6 koloko m'maŵa nkuŵeruka 8 koloko usiku. Tsono anthu amene adabwera kuno m'dzina lake adali ana a dziko lozoloŵera kale kudzutsidwa ndi belu, ndipo kwa iwo kusunga ola kudali mbali ya khalidwe lachikhristu, pamodzi ndi ukhondo ndi kusaledzera. Pa mishoni belu linkaitana anthu ku mapemphero, ku sukulu, ku ukalipentala ndi ku munda. Tchalitchi cha St Michael and All Angels, chimene David Clement Scott adamanga pamodzi ndi amisiri a kuno kuyambira 1888 mpaka 1891, chili ndi nsanja ya wotchi chapafupi pake, ndipo mumzindamu muli malo amene aliyense wokwera minibasi amawadziŵa ndi dzina lakuti Clock Tower, ngakhale sakweza maso kuti aone mivi yake.

Komatu tisafulumire kuloza chala abale athu a Chipresibateria, chifukwa mbiri ya wotchi idayambira m'nyumba mwathu momwe. Malamulo amene Benedict Woyera adalembera amonke m'zaka za m'ma 500 adagaŵa usana ndi usiku m'nthaŵi zoikika za mapemphero, ndipo mmodzi mwa abale ankapatsidwa udindo wodzutsa anzake pakati pa usiku. Kuopa kugonereza kwa mbale ameneyu ndi chimodzi mwa zinthu zimene zidachititsa amisiri a ku Ulaya kufunafuna makina oimba belu okha. Mawotchi oyamba a zitsulo adaoneka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1200, ndipo ambiri adalibe nkhope kapena mivi. Ntchito yawo idali kuimba belu basi. Yotero ilipobe mu tchalitchi chachikulu cha ku Salisbury ku England. Ngakhale liwu lathu lakuti koloko likuchitira umboni: tidalitenga ku Chingerezi, ndipo gwero lake ndi liwu la Chilatini lakuti clocca, lotanthauza belu. Choncho makina amene adapangidwa kuti munthu asachedwe kutamanda Mulungu ndi omwewo amene pambuyo pake adaikidwa pa chipata cha fakitale.

Ansembe a chipani cha Montfort atafika ku Nzama mu 1901, ndi ku Nguludi mu 1903, adabwera ndi mwambo womwewo wa belu la Angelus m'maŵa, masana ndi madzulo. Kumidzi kumene kudalibe belu, mphunzitsi ankapachika chidutswa cha njanji kapena chitsulo cha gudumu la galimoto pa mtengo, ndipo ambiri mwa ife tidakula tikuthamangira kulira kwa chitsulo chotere. Tiyenera kuvomereza kuti mphatso imeneyi idali ndi mbali ziŵiri. Idaphunzitsa anthu kuima pakati pa ntchito ndi kukumbukira Mulungu. Idawaphunzitsanso kuti ola limachokera kwa munthu wina wokhala ndi wotchi m'thumba, ndi kuti wochedwa ndi wolakwa.

Lolemba ndi Loŵeruka

Amene adapindula msanga ndi phunziro lachiŵirili ndi eni ntchito. Kampani ya African Lakes, imene anthu adaitcha Mandala, idayamba mu 1878. Minda ya khofi, ya fodya ndi ya tiyi idatsatira. Ndipo msonkho wa nyumba udakakamiza amuna kukafuna ndalama. Maina athu a masiku adasunga mbiri imeneyi mosabisa. Lolemba ndi tsiku lolembedwa ntchito, Loŵeruka ndi tsiku loŵeruka, ndipo masiku a pakati amangoŵerengedwa: Lachiŵiri, Lachitatu, Lachinai, Lachisanu. Mulungu adatsala ndi limodzi, limene ife timati Lamulungu ndipo abale athu ena amati Lasabata. Sabata yathu yonse, kunena zoona, ndi tikiti ya ntchito.

Mau akuti tikiti tawanena dala. M'minda ya azungu mwezi sudalinso wa kumwamba. Udali masiku ochongedwa ndi kapitao pa kapepala, ndipo tsiku limene munthu sadamalize ndime silinkachongedwa. Pa thangata munthu ankayenera kugwira mwezi umodzi wa lendi ndi wina wa msonkho, koma popeza woŵerenga masikuwo adali mwini munda, miyezi iŵiriyo inkatalika. Madandaulo ameneŵa adamveka kwambiri ku minda ya A. L. Bruce ku Magomero, ndipo adali m'gulu la zifukwa zimene John Chilembwe ndi anthu ake adaukira mu Januwale 1915. Sitilakwa tikanena kuti mbali ina ya mkangano umenewo idali yakuti, kodi mwezi ndi wautali bwanji, ndipo wonena ndani?

Njanji idafika ku Blantyre mu 1908, chaka chomwecho kampani ya Imperial Tobacco idatsekula fakitale yake ku Limbe. Sitima siingayende ndi dzuŵa la mudzi uliwonse, motero ola lidayenera kukhala limodzi ponseponse. Ola limene tikugwiritsa ntchito m'Malaŵi lili patsogolo ndi maola aŵiri pa la ku Greenwich, ndipo limapimidwa pa mzere wa madigiri 30 kuvuma. Koma Blantyre ali pa madigiri 35, ndiye kuti dzuŵa limafika paliwombo kuno mphindi ngati 20 wotchi isanakwane 12 koloko. Mlimi wa ku Lunzu wonena kuti masana akwana, wotchi ikukana, sakunama ayi.

Wolemba mbiri wina wa ku England, E. P. Thompson, adasonyeza mu 1967 kuti m'mafakitale oyamba a kwawoko mabwana ena ankasuntha mivi ya wotchi m'maŵa ndi madzulo, ndipo ankaletsa antchito kukhala ndi mawotchi awo. Apa ndi pamene tingamvetse chifukwa chake wantchito wa kuno ankaumira ndalama zogulira wotchi pamene nsapato adalibe. Kudzionetsera kudalipo ndithu, koma kudalinso kudziteteza. Munthu wopanda wotchi sangatsutse kapitao.

Wotchi iloŵa m'nyumba

Mawotchi ambiri oyamba adaloŵa m'midzi yathu m'mabokosi a anthu obwerera ku Halale ndi ku Joni, pamodzi ndi mabulangete, njinga ndi galamafoni. Dzina lakuti Wenela, limene lidatsalira pa depoti ya mabasi mu Blantyre, ndi la bungwe limene linkalemba anthu opita ku migodi ya ku South Africa. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalaŵi oposa 100,000 adali m'migodi imeneyo. Ndege ya bungweli itagwa ku Francistown pa 4 Epulo 1974 nkupha anthu oposa 70, Dr Banda adaletsa kulembako, ndipo m'zaka ziŵiri zotsatira amuna zikwizikwi adabwerera kwawo. Anthu ameneŵa adali atazoloŵera moyo wa mashifiti, ndipo ena mwa iwo sadapitirire kumudzi, adatsakamira m'tauni.

Tauniyo inkakula mofulumira. Kalembera wa 1966 adapeza anthu ngati 109,000 mu Blantyre. Wa 1977 adapeza ngati 219,000. Fakitale ya nsalu ya David Whitehead idatsekulidwa mu 1967, ya moŵa ya Carlsberg mu 1968, ndipo antchito a m'mafakitale otere, pamodzi ndi alonda, makuku, mamesenjala ndi amakaniko, ndiwo adadzaza Ndirande, Chilomoni, Zingwangwa ndi Bangwe, kenaka Machinjiri. Munthu wa ku Ndirande ankatsika wapansi kupita ku Makata kapena ku Ginnery Corner. Wa ku Bangwe ankayenda mpaka ku Limbe kapena kudikira basi ya UTM. Onseŵa ankayenera kufika pa chipata lipenga lisanalire.

Tambala pa ntchito imeneyi sakwanira. Mu Novembala dzuŵa limatuluka mu Blantyre cha m'ma 5 koloko, pamene mu Julayi limatuluka 6 koloko itapitirira pang'ono. Kusiyana kwa ola lathunthu kumeneku mlimi sikumuvuta, chifukwa munda wake umatsata dzuŵa lomwelo. Koma chipata cha fakitale sichidziŵa Novembala kapena Julayi, ndipo m'maŵa wa chiperoni, mtambo utaphimba phiri la Ndirande, munthu wodalira kuŵala kwa pa zenera ankapeza dzina lake litadulidwa. Wotchi ya belu ndiyo idathetsa vutoli. Otchuka m'maiko amene adali pansi pa Britain adali a Smiths ndi a Westclox, ndipo a Westclox ambiri ankapangidwa ku Dumbarton, kuyambira 1948 mpaka 1988, m'mbali mwa mtsinje womwe uja wa Clyde. Pambuyo pake kudabwera otsika mtengo a ku China, ena mwa iwo okhala ndi chithunzi cha nkhuku yojompha pansi pa kugunda kulikonse, imene ana ambiri adaiyang'anitsitsa mpaka tulo.

Ndi bwino tifotokoze pang'ono m'mene wotchi yotere imayendera, pakuti achinyamata athu ambiri sadaitsekulepo. M'kati mwake muli sipuling'i, kachitsulo kopyapyala kokulungidwa ngati nkhata. Munthu akapukusa kiyi wa kumbuyo sipuling'iyo imakungika, ndipo pofuna kumasuka imakankha timagudumu ta mano. Pakadapanda choiletsa bwenzi itamasuka yonse m'kamphindi. Koma pali kachitsulo kena kamene kamagwira dzino limodzi nkulitaya, kugwira lina nkulitayanso, motsata kagudumu kopepuka kotembenukira uku ndi uku. Ndipo kugunda kumene timamva usiku ndi kugwira ndi kutaya kumeneko. Kiyi wachiŵiri amakunga sipuling'i ina ya belu. Mphamvu yonse ya makinaŵa imachokera m'zala za mwini wake, ndipo imatha pakapita tsiku limodzi ndi maola oŵerengeka. Wotchi yotere imafuna kukumbukiridwa usiku uliwonse.

Chifukwa cha ichi kupukusa wotchi kudasanduka mwambo wa m'banja. M'nyumba zambiri udali udindo wa bambo, ndipo mwana woikhudza ankalandira chibakera cha pamutu. M'mabanja achikatolika kaŵirikaŵiri kunkachitika kolona itatha, nyali isanazimitsidwe. Ife tikuona kuti apa ndi pamene mbiri idatembenukira. Kwa zaka pafupifupi makumi asanu ndi atatu ola lidali la mishoni, la kapitao ndi la sitima. Tsopano kwa nthaŵi yoyamba lidakhala pa kabati ya munthu wamba. Lamulo loloŵa 7 koloko lidali la bwanabe, koma woŵerenga maola adali mwini nyumba, ndipo mai woyembekezera, mwana wa mayeso a Sitandade 8 ndi katekisiti woyenera kutsekula tchalitchi cha Holy Ghost ku Ndirande kapena cha St James ku Chilomoni m'maŵa, onse adapindula nawo.

Wotchiyo payokha siinkakwanira, pakuti inkathamanga kapena kutsalira mphindi zingapo pa tsiku. Woikonza adali wailesi. MBC idayamba mu 1964, mawailesi a Nzeru olumikizidwa mu Blantyre momwemo adafala, ndipo muulutsi akanena nthaŵi bambo ankasuntha muvi. Apa boma lidaloŵa nawo m'nkhaniyi. Ndi chinthu chodabwitsa kuti dziko limene linkaphunzitsa anthu ake kukhala ndi ola la pa wotchi lidasankha maina a ndalama zake, mu 1971, kuchokera ku wotchi ya makolo: kwacha ndi tambala.

Magetsi

Tisaganize kuti anthu a m'malokeshoni ankagula mawotchi opukusa poopa kuzima kwa magetsi. Magetsiwo adalibe. Makina oyamba a pa Nkula, a mamegawati 24, adayamba kugwira ntchito mu 1966, a pa Tedzani mu 1973, a pa Kapichira mu 2000; koma kwa zaka zambiri nthambo zinkapita ku mafakitale, ku maofesi ndi ku mayadi, nkudutsa pamwamba pa nyumba za antchito. Ngakhale kalembera wa 2018, amene adapeza anthu oposa 800,000 mu Blantyre, adasonyeza kuti m'dziko lonse nyumba 11 zokha mwa nyumba 100 ndizo zinkaunikira ndi magetsi.

Chimene chidagwetsa wotchi yopukusa poyamba ndi batire. Mawotchi a quartz, amene kampani ya Seiko ya ku Japan idayamba kugulitsa a pamkono mu 1969, adatsika mtengo m'zaka za m'ma 1980 mpaka kumagulitsidwa pa mphasa mumsika wa Ndirande. Adali olondola kuposa akalewo ndipo sankafuna kupukusa. Chachiŵiri ndi foni ya m'manja, imene idafika m'dziko muno pakati pa zaka za m'ma 1990 nkufala zedi pambuyo pa 2005. Foni idameza wotchi, belu lodzutsa, tochi ndi wailesi yomwe. Ndipo pamenepa, mosazindikira, ola la munthu wosauka lidamangiriridwa ku nthambo za magetsi, ngakhale la munthu amene m'nyumba mwake mulibe babu ndi limodzi lomwe, amene amakatchajitsa foni yake kwa wometa tsitsi.

Nthambozo zimathera mu mtsinje umodzi. Kwa zaka zambiri pafupifupi magetsi onse a dziko lino ankachokera mu Shire, motero nyanja ikatsika, kapena matope ndi namasupuni zikatseka makina, dziko lonse limamva. Mu 2016 ndi 2017, mvula itavuta, madera ena ankakhala usana ndi usiku wathunthu opanda magetsi. Matopewo amachokera m'mapiri amene tidawameta tokha. Amene adaona nkhalango ya phiri la Ndirande isanathe m'zaka za m'ma 1990 akudziŵa chimene tikunena. Ndipo mu Blantyre magetsi akazima madzi amatsatira, popeza madzi ambiri a mumzindawu amapopedwa kuchokera mu Shire pa Walker's Ferry, kukwezedwa mtunda wa mamita pafupifupi 800. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adachita zoposa za Ana: phiri la Soche lidagumukira pa Chilobwe usiku, anthu ambiri adafa, ndipo opulumuka adakhala masiku angapo m'masukulu ndi m'matchalitchi opanda njira yoimbira abale awo.

Kodi tsono tilangize Akhristu athu kuti afunefune mawotchi akale? Sitingatero ndi mtima wonse. Wotchi ya batire ya pa khoma imayenda chaka chathunthu ndi batire limodzi, ndipo kasola kakang'ono ka padenga kamatchaja foni popanda kudikira Shire. Amisiri okonza mawotchi, amene kale ankakhala pa makonde a masitolo ku Limbe ndi kagalasi pa diso, atsala oŵerengeka, ndipo sipuling'i ikaduka yoloŵa m'malo mwake imachokera m'wotchi inzake yakufa. Tichenjezenso kuti mawotchi ena akale kwambiri, a manambala oŵala mumdima, adapakidwa utoto wokhala ndi radium, umene ndi woopsa ku thupi. Otere si oyenera kuwatsekula kapena kupatsa ana kuti aseŵeretse. Komabe nzeru ya sipuling'i siidafe. Mu 1991 Trevor Baylis wa ku England, atamva kuti uthenga wa matenda a Edzi sufika kumidzi ya mu Africa chifukwa cha kusoŵa kwa mabatire, adapanga wailesi yopukusa, imene pambuyo pake idayamba kupangidwa ku Cape Town. Amene ali nayo kale wotchi yopukusa asaitaye. Aipukute fumbi, aziipukusa, ndipo aphunzitse mwana mmodzi kuŵerenga mivi, chifukwa ana ambiri a lero amadziŵa manambala okha a pa foni.

Mbali yathu

Tibwerere tsono ku funso lathu loyamba. Eklezia ndiye adabwera ndi belu, ndipo sangathe kusamba m'manja pa zimene belulo lidabala. Ife ansembe ndi ophunzira unsembe timadziŵa kudzudzula ochedwa ku Misa, ndipo mau akuti "nthaŵi yachikuda" amatuluka mosavuta pakamwa pathu, ngati kuti si ife akuda. Sitikuikira kumbuyo ulesi. Kusunga pangano ndi chilungamo kwa mnzako, ndipo makolo athu omwe ankamunyoza munthu wofika pa maliro anzake atakumba kale manda. Koma mai amene waloŵa m'tchalitchi Mthenga Wabwino ukuŵerengedwa mwina wakhala pa mzere wa madzi kuyambira 3 koloko usiku, chifukwa ndi pamene mpopi unayamba kudontha. Mlonda amene akuodzera pa ulaliki waŵeruka 6 koloko m'maŵa womwewo atagwira maola khumi ndi aŵiri. Ife amene timakhala m'nyumba za jenereta ndi thanki ya madzi tili ndi ola lodalirika chifukwa ena amatisungira.

Papa John Paul II, m'kalata yake ya 1981 yonena za ntchito ya munthu, adaphunzitsa kuti ntchito ilipo chifukwa cha munthu, ndi kuti munthu sadalengedwere ntchito. Chiphunzitso chimenechi chikukhudzanso wotchi. M'fanizo la antchito a m'munda wamphesa, pa Mateyo 20, maola akuŵerengedwa mosamala kwambiri, lachitatu, lachisanu ndi chimodzi, lachisanu ndi chinai, lakhumi ndi limodzi, ndipo pamapeto pake mwini munda salipira monga mwa maolawo. Kapitao wa ku Magomero sakadalimvetsa fanizo limeneli, ndipo tikukayika ngati ife timalimvetsa pamene tikonza ndondomeko ya parishi popanda kufunsa kuti anthu athu amaloŵa ndi kuŵeruka nthaŵi yanji. Miphakati, imene maepiskopi a AMECEA adailimbikitsa kuyambira 1973, idapeza yokha njira yapakati. Amalengeza kuti msonkhano ndi wa 2 koloko, amayamba nyimbo anthu akusonkhana, ndipo Mau a Mulungu amaŵerengedwa mai wa nyumbayo akaona kuti amene adalonjeza afika. Ena mwa ife zimenezi zimatitopetsa. Koma ndi m'miphakati momwemo mmene, masiku a Freddy, mudadziŵika msanga kuti nyumba yakuti mudagona anthu angati ndipo amene sakuoneka ndi ati.

Tidabwereranso ku Ndirande kuja magetsi atakhazikika. Ana a oyandikana nawo adali atasiya kubwera, ndipo wotchi idali ikugundabe pa kabati. Mkulu uja adatiuza kuti imathamanga mphindi zisanu pa tsiku, ndipo kuti chifere wailesi yake amaikonza ndi belu la ku tchalitchi la masana. Tidamufunsa ngati akudziŵa kuti mnyamata woimba belulo amayang'ana nthaŵi pa foni. Adakhala chete pang'ono, kenaka adati, "Nanga masiku a mdima aja, ankayang'ana pati?" Pobwerera tidadzera ku parishi kukafunsa. Mnyamatayo adatiuza kuti foni yake idazima tsiku loyamba lomwe, ndipo kuti masiku otsatirawo ankatuluka pabwalo, nkuyang'ana chithunzithunzi chake pansi, chikafupika mpaka kumapazi nkukoka chingwe.